Foni ndi kabuku zikwana kuyendetsa geni yanu

Ambiri amene amachita geni amaganiza kuti kusunga bwino mawerengero kumafuna kompyuta ndi mapulogalamu olipira. Kwa wogulitsa zitenje, wa okala kapena wophika makeke pakhomo, foni ya Android ndi kabuku ka kusukulu zikwana. Chimene chimagwetsa mabizinesi ang'onoang'ono nthawi zambiri n'chakuti ndalama ya mpamba ndi ya ndiwo zimakhala m'thumba limodzi, mwini wake osadziwa kuti wapindula kapena waluza. Choncho tiyambire pa mawerengero.

Tsegulani Google Sheets, pulogalamu yolembamo mawerengero, yomwe ndi yaulere kwa aliyense amene ali ndi adiresi ya Gmail. Pangani mizere yotsika isanu: tsiku, katundu, ndalama yolowa, ndalama yotuluka, ndi njira yolipirira (kashi, Airtel Money, Mpamba kapena ngongole). Pansi pa mzere wa zolowa, m'kabokosi ka C41, lembani =SUM(C2:C40), pansi pa zotuluka, mu D41, =SUM(D2:D40), ndipo foni izikuwonkhetserani yokha. Dinani timadontho titatu pafupi ndi dzina la fayilo n'kusankha Make available offline, kuti muzitha kulemba ngakhale bandulo yatha. Zonse zidzakwera pa intaneti mukagulanso data. Dziwani kuti bandulo ya WhatsApp yokha sitsegula Sheets, mufunika kabandulo ka intaneti yonse, kamodzi pa sabata n'kokwanira.

Kabuku musakataye. Masana makasitomala atachuluka simungamagwire foni pa malonda aliwonse. Lembani m'kabuku, madzulo mukopere mu Sheets. Mukadumpha masiku atatu mudzayamba kulemba zongoganizira, ndipo mawerengero oterowo alibe ntchito.

Pomwe anthu amalakwitsa kwambiri ndi poika mtengo. Tiyerekeze kuti mwaoda zitenje 20 pa K8,000 chimodzi, ndiye K160,000. Pa minibasi ndi onyamula katundu mwawononga K12,000. Chiphaso cha mumsika ndi bandulo zatenga K3,000. Zonse pamodzi ndi K175,000, kutanthauza kuti chitenje chimodzi chakufikirani pa K8,750. Mukagulitsa pa K9,000 mukuganiza kuti mwapindula K1,000, pomwe phindu lenileni ndi K250. Kasitomala akalipira pa foni, palinso ndalama yodulidwa mukamatapa kwa ajenti, ndipo K250 ija ikhoza kuthera pomwepo. Ndalama iliyonse yotuluka chifukwa cha geni ilembedwe, ngakhale ya kabaza. Mukatengapo shuga kapena sopo wa pakhomo, mulembenso ngati wagulidwa ndi inuyo. Ndi bwino kudziikira malipiro a pa sabata, kuti a kunyumba azidya pamenepo osati pa mpamba.

Ngongole zikhale ndi tsamba lakelake: dzina, tsiku, ndalama, ndi tsiku limene walonjeza kubweza. Katundu wotuluka pa ngongole musamuwerengere pa ndalama yolowa kufikira ndalamayo itafika m'manja. Apo ayi Sheets idzaonetsa phindu lokongola inu mulibe ndi yokaodera yomwe.

Pa nkhani yotsatsa malonda, WhatsApp Business ndiyo yoyamba kuika. Ndi yaulere, ndipo ngati foni yanu ili ya masimu awiri, ikhoza kukhala pamodzi ndi WhatsApp wamba, iliyonse ndi nambala yake. Mu Catalogue mumaika chithunzi, dzina ndi mtengo wa katundu aliyense, mpaka zinthu 500. Mtengo mulembe ndithu. Chizolowezi cholemba kuti "mtengo ku inbox" chimathamangitsa anthu, chifukwa ambiri amachita manyazi kufunsa kenako n'kulephera kugula. Quick replies imasunga mayankho amene mumabwereza tsiku ndi tsiku, monga komwe muli ndi nambala yolipirira. Mukalemba chizindikiro cha / mayankhowo amatuluka, inu n'kungosankha. Broadcast imatumiza uthenga umodzi kwa anthu okwana 256, koma umafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu, ndiye kasitomala aliyense watsopano mumupemphe aisunge. Status imakhala maola 24. Zithunzi zitatu kapena zinayi pa tsiku zikwana, mukaika 30 anthu amangodumpha.

Zithunzi jambulani panja pamthunzi, m'mawa, katundu ali pa nsalu yoyera, galasi la kamera mutalipukuta. Ngati mukufuna kachikwangwani ka mitengo, Canva ili ndi gawo laulere, ingopewani zithunzi zokhala ndi kachisoti kachifumu chifukwa zimenezo n'zolipira. Amene ali ndi malo okhazikika, monga saluni, shopu yowotcherera zitsulo kapena malo ogona alendo, alembetse pa Google Business Profile kuti azioneka pa Google Maps. Nazonso salipiritsa.

Kuti data isamathe msanga, lowani mu Settings ya WhatsApp, kenako Storage and data, muzimitse zoti zithunzi ndi makanema azilowa okha. Magulu a malonda amatumiza makanema ambiri amene amadya bandulo ndi kudzaza foni.

Tsono za akuba. Munthu amakuonetsani uthenga wa SMS kapena chithunzi chosonyeza kuti watumiza ndalama, pomwe uthengawo walemba yekha. Wina amaimba foni n'kunena kuti watumiza ndalama molakwitsa, mumubwezere. Musatulutse katundu kapena kubweza kanthu musanaone nokha ndalama zimene zili mu akaunti yanu: *211# pa Airtel Money, *444# pa TNM Mpamba. Nambala yachinsinsi musauze aliyense, ngakhale wonena kuti akuimba kuchokera ku kampani ya foni. Pa WhatsApp yatsani Two-step verification n'kuika manambala 6 amene mukuwadziwa nokha, ndipo manambala otsimikizira akaunti obwera pa SMS musatumizire munthu. Akalanda akaunti yanu amayamba kupempha ndalama kwa makasitomala anu m'dzina lanu. Yatsaninso Chat backup kuti mauthenga azisungidwa ku Google Drive, komwe akaunti iliyonse ili ndi 15 GB yaulere. Foni ikabedwa, maoda ndi mawerengero anu mudzawapeza pa foni ina bola mwabwezeretsa nambala yanu yomweyo ndipo mukukumbukira password ya Gmail. Ilembeni papepala, musunge kunyumba.

Geni ikakula mpaka kufuna kugulitsa ku masukulu, ku mabungwe kapena ku makampani, adzakufunsani chiphaso cha bizinesi ndi TPIN, nambala ya wolipira msonkho. Kulembetsa dzina la bizinesi ku boma kumalipiridwa, koma TPIN imatengedwa ku MRA popanda kulipira. Pitani nokha ndi chiphaso chanu cha unzika, musadzere mwa madobadoba. Invoisi mukhoza kuipanga mu Sheets momwemo: dzina la bizinesi, TPIN, tsiku, katundu, kuchuluka kwake ndi mtengo, kenako muisunge ngati PDF n'kutumiza pa WhatsApp kapena pa imelo.