Lachiwiri, tsiku losaka ntchentche m'laibulale

Ndadzuka 5 koloko isanakwane chifukwa cha kutentha. Okutobala salola munthu kugona. Ndamwa tiyi ndi mbatata, ndatenga kope ndi flashi, ulendo wa kulaibulale ya pasukulu pathu. Aphunzitsi amene akuyang'anira kafukufuku wanga wa chaka chomaliza anandipatsa milungu iwiri kuti ndiwabweretsere zimene ena analemba kale pa mutu wanga, ndipo mlungu umodzi watha ndili chimanjamanja.

Mutu wangawo ndi wa mmene ntchentche ndi mphutsi zake zingathandizire kudziwa nthawi imene munthu anamwalira. Anzanga akamva amakwinya nkhope. Koma zaka zinayi zapitazo msuwani wanga, mwana wa amalume, anasowa kwa masiku asanu, kenako anapezeka atamwalira m'munda wa nandolo kuseri kwa mudzi. Mpaka lero amalume amafunsa funso limodzi: kodi mwanayo anafa tsiku lomwe anasowalo, kapena anagona m'mundamo akubuula pamene ife tinkamufunafuna kutsidya kwa mtsinje? Funso limenelo ndi limene linandibweretsa kuno.

Sabata yonse yathayi ndakhala ndikulemba mawu akuti forensic science (sayansi yofufuzira milandu) pa intaneti, n'kumangomira m'zinthu zambirimbiri zosandithandiza: za zidindo za zala, za zipolopolo, za DNA, zina za sukulu zofuna ophunzira. Lero ndinaganiza zofunsa. Patebulo la mafunso panali mayi wina wachikulire amene ndakhala ndikumudutsa zaka zitatu osamulankhula koposa moni. Atamva madandaulo anga anavula magalasi n'kundifunsa kuti, "Kodi mwanangu, mukufuna nkhani ya apolisi, ya madokotala kapena ya tizilombo?" Ndinati zonse, amayi. Anati ndiye kuti ndi mashelefu atatu, osati imodzi.

Anandilembera manambala pakapepala. Pa 363.25 ndi pamene pamakhala mabuku a kafufuzidwe ka milandu, pa 614.1 a madokotala opima mitembo, ndipo pa 595.7 a tizilombo touluka ndi tokwawa. Ine ndinkangozungulira pa shelefu yoyambayo. Shelefu yachitatuyo, imene ndinkaiona ngati ya anzathu a zaulimi, ndi imene yandigwira m'mawa wonse.

M'buku lina la pa 614.1 ndawerenga nkhani imene yandikhazika chete kwa kanthawi. Woweruza milandu wa ku China, Song Ci, analemba m'chaka cha 1247 za munthu amene anaphedwa ndi chikwakwa. Wofufuza anauza anthu a m'mudzimo kuti aliyense abweretse chikwakwa chake n'kuchiika pansi. Zonse zinkaoneka zoyera, koma ntchentche zinaunjikana pa chimodzi chokha, chifukwa zinamva fungo la magazi amene maso a anthu sankawaona. Mwini wake anavomera mlandu. Nkhaniyo ikanatha kuchitika pabwalo la amfumu kwathu.

Mmene nzeruyi imagwirira ntchito n'zosavuta kumva. Ntchentche zobiriwira zonyezimira zija zimene zimatera pa nsomba kumsika zimafika pa mtembo msanga, nthawi zina pasanathe ola, n'kuikira mazira m'maso, m'mphuno, m'kamwa kapena pabala. Mazirawo amaswa pasanathe tsiku kukakhala kofunda. Mphutsi imafundula kawiri ikukula, kenako imachoka pamtembo kukabisala m'dothi, n'kusanduka kachikwa kofiirira momwe mumatuluka ntchentche. Munthu akadziwa mtundu wa mphutsi yaikulu kwambiri imene wapeza, msinkhu wake, ndi mmene kunkatenthera masiku amenewo, akhoza kuwerengera chobwerera m'mbuyo n'kunena kuti munthuyu anali atamwalira kale pofika tsiku lakuti.

Vuto lili pa mawu awiriwo, mtundu ndi kutentha. Matebulo a m'mabuku amene ndatsegula akunena za Calliphora vicina ndi Lucilia sericata, ntchentche zodziwika ku Ulaya, zoyesedwa m'nyengo ya kumeneko. Mphutsi imakula mofulumira kukatentha, pang'onopang'ono kukazizira. Ndiye tebulo lopangidwira ku Britain lingandiuze chiyani za mtembo wa ku Nsanje mu Okutobala, pamene ngakhale Nsanje ndi Dedza sizifanana? Wina atagwiritsa ntchito manambala amenewo osaganiza, akhoza kuphonya ndi masiku, ndipo pa mlandu tsiku limodzi likhoza kumangitsa munthu amene anali kutali.

Ndinabwerera kwa amayi aja cha m'ma 12 koloko nditafooka. Anandikhazika pakompyuta n'kundilowetsa mu Research4Life, njira imene imalola masukulu a m'mayiko ngati lathu kuwerenga magazini a sayansi amene ena amalipira ndalama zambiri. Gawo lake la zaumoyo, Hinari, linayambitsidwa ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO mu 2002. Zaka zitatu ndakhala pano osadziwa kuti khomo limeneli ndi lotsegula. Kenako anandipatsa langizo limene lasintha tsiku lonse: "Siyani kulemba dzina la phunziro. Lembani dzina la kachilomboko, muwonjezere Africa."

M'buku la tizilombo lija ndinali nditaonamo kuti kumadera otentha a kuno ntchentche zofala ndi za mtundu wa Chrysomya. Nditalemba dzinalo mu PubMed ndi mu Google Scholar, malo osakirapo nkhani za sayansi pa intaneti, nkhani zinachepa, koma zinali zanga zenizeni. Zambiri zinachokera ku South Africa, ndipo dzina la Martin Villet wa ku Rhodes University linkabwera mobwerezabwereza. Ndaphunzira kuti mphutsi za Chrysomya albiceps zimadya mphutsi za mitundu ina, kotero wofufuza akhoza kupeza kuti zimene zinafika poyamba zadyedwa kale, iye n'kuwerengera masiku ochepa kuposa enieni. Ndaphunziranso kuti ofufuza ambiri amagwiritsa ntchito nkhumba zakufa m'malo mwa mitembo ya anthu. Amayi aja anandionetsanso African Journals Online, kumene kuli magazini a mu Africa muno, kuphatikizapo Malawi Medical Journal. Kumeneko ndibwererako mawa.

Magetsi anazima 3 koloko itangodutsa. Ndinali nditasunga kale nkhani zisanu ndi ziwiri mu flashi, ndipo masamba a m'mabuku ndinawajambula pafoni pafupi ndi zenera. Ndisanatuluke amayiwo anandiuza kuti ndiziyang'ana kumapeto kwa nkhani iliyonse, pamene olemba amatchula zimene iwo anawerenga, chifukwa njira imodzi imakufikitsa ku inzake.

Madzulo ndinaimbira amalume. Ndinawafotokozera za chikwakwa chija, ndi za mphutsi, ndikusankha mawu mosamala. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anafunsa kuti, "Ndiye za mbale wako uja zingadziwike?" Ndinawauza zoona, kuti ayi amalume, chifukwa tsiku lija palibe amene anatola mphutsi ngakhale imodzi kapena kulemba mmene kunkatenthera. Anati amva. Anawonjezera kuti m'munda muja sanalimemonso, ndipo ngati nkhumba ya kafukufukuyo ingafune malo akutali ndi nyumba za anthu, ndiwauze aphunzitsi anga kuti malo alipo.

Ndalemba zimenezo pamwamba pa tsamba la mawa, pamodzi ndi mtengo wa thermometer umene ndikafunse kutauni.