Foni yati nsima yanga ndi mbatata yosinja

Abale, mwana wa achemwali anga wandiikira pa foni ka app ka AI (nzeru za kompyuta zotsanzira za munthu) kowerengera ma calorie, muyeso wa mphamvu zomwe thupi limapeza m'chakudya. Akuti ungojambula mbale, iko n'kukuuza kuchuluka kwa zomwe wadya. Kapangidwe kake sindinganame, nkosavuta, batani limodzi basi, ngakhale agogo akhoza.

Ndiye masana ano ndajambula nsima ya chambo chomwe ndinagula kwa Makawa. Nsomba kaizindikira, koma nsima kati ndi mbatata yosinja! Nditakonza, kandifunsa kuti ndadya makapu angati. Ndani amayeza nsima ndi kapu kuno ku Mangochi? Ife timawerenga mitanda, ndiponso chipande cha mayi akunyumba sichifanana ndi cha m'malo odyera pa boma.

Pomwe kandikhumudwitsa mpa mafuta. Kamera siona omwe alowa m'ndiwo, chonsecho galamu imodzi ya mafuta ili ndi ma calorie 9 pomwe ya sitachi, wopezeka mu ufa wa nsima, ili ndi 4. Supuni yaikulu imodzi yokha ndi pafupifupi 120. Nanga nsinjiro za mu nkhwani wotendera? Kangolemba kuti masamba, n'kundiyamikira kuti ndikudya bwino.

Bandulo ikatha nakonso kamangoti zii. Madzulo ano tidyera mbale imodzi anthu anayi, ndijambulanso ndimve kuti kanena zotani.