Kasanu patsiku koma anawapatsa 10%

Sabata ino yanditopetsa mtima osati thupi. Kuofesi kwathu kuno ku America timathandiza asilikali opuma kulemba ma claim opempha ndalama zaulumali ku VA, nthambi ya boma yoona za asilikali opuma, Lolemba ndi Lachiwiri zinali zomwe zija, makutu olira, mawondo, msana, mafomu opemphera ndalamazo a 21-526EZ mulu patebulo.

Lachitatu ndiye kunabwera bambo ena achikulire omwe anamenya nawo nkhondo ku Vietnam. VA imayeza ulumali mu ma peresenti ndipo ndalama zimatengera pamenepo. Bambowa pa khansa ya prostate anali pa 100% chifukwa cha Agent Orange, mankhwala opha zomera omwe ankapopera kunkhondoko, koma pakatha miyezi 6 chimalizireni chithandizo amakuyezanso nkumangowerengera mavuto otsala. Iwowa anawatsitsa mpaka 10%. Nditatseka chitseko nkuwafunsa mwaulemu kuti bambo, kubafa zikuyenda bwanji, anakhala chete kanthawi kenako anaulula kuti chiwachitireni opareshoni mkodzo umangotuluka wokha, amasintha thewera kasanu patsiku, ngakhale kutchalitchi anasiya kupita poopa kununkhira anthu. Kasanu! Pa lamulo la VA la 38 CFR 4.115a kusintha thewera kopitirira kanayi ndi 60%, kawiri mpaka kanayi ndi 40%. Tsiku loyezedwa anangofunsidwa kuti usiku amadzuka kangati, anati kawiri, ndiye 10% yakeyo. Zathewera sananene, manyazi, munthu wamkulu ngati ameneyu sangangoyamba yekha nkhani imeneyi kwa mlendo.

Chandipweteka kwambiri nchoti vuto lina ndi lathu. Kalata yochenjeza kuti ndalama zitsika imapereka masiku 60 obweretsa umboni, ndipo kopi yake inafika kuofesi kwathu nthawi yabwino, inangokhala m'thireyi osatsegulidwa. Muofesimu tinalipo anayi, pano tatsala awiri, mabwana akungoti bajeti bajeti kwinaku akufuna munthu aliyense tizimaliza naye mumphindi 20. Nkhani yamkodzo munthu angaiulule mumphindi 20 zoona? Tikanakhala nawo pansi asanakayezedwe bwenzi zonsezi kulibe.

Ndinakhala nawo maola awiri, mzere panja ukudandaula, ndinalibe nazo. Tikukonza supplemental claim, yopempha kuti aunikenso nkhaniyi ndi umboni watsopano, pa fomu ya 20-0995 chisanathe chaka chimodzi chiwatsitsireni, akazi awo alemba kalata ya zomwe amaona kunyumba, malisiti a mathewera akasonkhanitsa, komanso ndawapatsa kabuku koti azilembamo nthawi iliyonse akasintha.

Lachinayi ndi Lachisanu ndimangoyankha mafoni ndi maimelo otsalira. Ndisanaweruke ndinatsegula makalata onse a m'thireyi muja, ndapezamo ena awiri ochenjeza zomwezo, imodzi yatsala ndi masiku 9.