Usiku umene ndinasiya amalume pinyolo ku Bwandilo

Amalume awo a mayi akunyumba amalima fodya ku Kasungu, ndipo nyengo ya msika ikafika amalondola mabelo awo ku okushoni ya ku Kanengo. Akagulitsa sabwerera tsiku lomwelo. Amagona kwathu ku Area 25 kudikira kuti ndalama zilowe kubanki, ndipo masiku odikirawo m'thumba mwawo mumakhala mpango, chiphaso ndi kafoni ka mabatani basi. Iwowa ndiwonso ankhoswe athu. Milandu yanga yonse ya m'banja, kuyambira ya kufika usiku mpaka ya kuiwala kusiya ya ndiwo, imathera m'manja mwawo. Munthu wotere sumudyetsa nyemba Loweruka madzulo.

Koma nyemba ndi zimene zinali m'poto. Mayi akunyumba anali atapita ku chinkhoswe cha mnzawo ku Kawale, ndipo anatsanzika ndi mawu oti tikamva njala titenthetse. Ndinavundukula, ndinayang'ana, ndinavundikiranso.

"Amalume, valani jekete. Lero mukaona kumene a Lilongwe amadyera."

Amene simunafikeko, Bwandilo ili ku Area 47, ndipo masana mungaidutse osadziwa kuti mwadutsa malo otchuka. Dzuwa likangolowa pamasintha. Mabala andanda khomo ndi khomo, lililonse ndi nyimbo yake, moti ukaima pakati umamva nyimbo zinayi nthawi imodzi, osavina iliyonse. Magalimoto amaimikidwa mothinana, anyamata akulimbirana kuti awalondere. Kutsogolo kwa mabalawo ndiye kuli nkhani yeniyeni: ziwaya za chipisi, mapoto akuluakulu a mang'ina akubwadamuka, ndi kanyenya wa mbuzi, wa ng'ombe, wa nkhuku, utsi wake uli tolotolo mpaka kumsewu. Tsikulo kunalinso mpira masana, ndiye malowo anali atadzaza ndi ovala malaya obiriwira ngati mtambo, ochemerera Silver Strikers, poti bwalo la timu yawo lili ku 47 komweko.

Titangotsika minibasi, mnyamata wina wootcha nyama anatitchingira njira, kanthuli kali pa kamtengo.

"Madala, lawani kaye. Kulawa n'kwaulere."

Amalume anatembenukira kwa ine. "Akamwini, akuti chiyani mwanayu?"

"Akuti mulawe, simulipira."

Ife a m'tauni timadziwa kuti kulawako ndi nyambo. Umalawa pamodzi, mwina pawiri, kenako manyazi amakugwira n'kugula. Amalume manyazi amenewo anawasiya ku Kasungu. Anayamba pa chiwaya choyamba n'kumatsika ndi mzere wonse, osadumpha ngakhale chimodzi, ndipo paliponse amapereka chigamulo. Amatafuna pang'onopang'ono, maso ali kumwamba, kenako: "Iyi ndi mbuzi yaikazi, yabereka kokwana, inafa ndi ukalamba." Pena: "Iyi munaipha dzana." Pena anangobweza kamtengo osanena kanthu, zomwe zinamupweteka mwini nyamayo kuposa mawu. Pa nkhuku ndiye panavuta. Mnyamata analumbira kuti ndi ya lokolo, amalume anatenga fupa, analikanikiza ndi chala mpaka linaphwanyika, n'kumufunsa ngati anaonapo nkhuku yoyenda yokha pabwalo ili ndi mafupa otere. Anthu anayamba kutitsatira kuti amve chigamulo chotsatira. Ine ndimayenda pambuyo ndikupepesa ndi maso.

Chambo anangofunsa mtengo. Atauzidwa, anafunsanso ngati mtengowo ndi wa nsomba imodzi kapena wa dengu, kenako anati tiyeni.

Potsiriza anakhutira ndi mang'ina a mayi ena amene poto wawo anali pakhomo pa bala lina laling'ono. Tinalowa, tinakhala pakona. Mang'ina anabwera m'mbale yakuya, msuzi wake womata milomo, pambali kansima ndi tsabola wa kambuzi wosinja. Ndinawachenjeza za tsabolayo. Anati iwo anayamba kudya tsabola ine ndisanabadwe, anathira supuni yodzaza, ndipo kwa kanthawi ndithu sanayankhule, amangopukuta m'maso ndi mpango uja n'kumati utsi wa pano ndi woipa. Tinawonjezera kanyenya wa mbuzi ya pamalo amene anawapatsa ulemu woti "iyi yokha ndiye mbuzi", ndi chipisi.

Amalume ndi mkulu wa mpingo, choncho anaitanitsa Fanta. Ine ndinapempha chilolezo cha ka Green kamodzi, kotsitsira. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti fakitale ya mowa umenewu itatsegulidwa ku Blantyre mu 1968 iwo anali kamnyamata, ndipo kuyambira pamenepo sanaonepo munthu amene anamwa kamodzi. Pofuna kuonetsa kuti nanenso sukulu ndinapitako, ndinawauza kuti imeneyo inali fakitale yoyamba ya Carlsberg kunja kwa dziko la Denmark, ndiponso kuti kuyambira 2016 ili m'manja mwa a Castel a ku France.

"Ndiye kuti azungu akusinthana fakitale," anatero amalume, "inu mukungosintha mabotolo."

Ndinasinthadi ena awiri.

Bilu inabwera pa kapepala kong'amba m'kope: K41,000. Sindinadandaule. M'chikwama munali ma K5,000 awiri okha, aja amene atatuluka mu 2022 timawapinda mwaulemu, koma chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu 2023 amathera pa tomato ndi anyezi. Ndalama zenizeni zinali m'foni. Ndinaitulutsa monyadira kuti amalume aone mmene timalipirira m'tauni, ndinafunsa nambala ya pa kauntala, ndinayamba kudina. Nditafika poika nambala yachinsinsi, foni inanjenjemera kamodzi n'kuzima.

"Achemwali, tandibwerekeniko tchaja."

Mtsikanayo asanayankhe, magetsi anathima Bwandilo yense. Nyimbo zinayi zija zinaduka nthawi imodzi, anthu n'kukuwa "aaaa!" Patapita kanthawi kajenereta kanayamba kutsokomola kuseri, koma mayi a pa kauntala ananeneratu kuti mphamvu yake ndi ya furiji ndi babu limodzi, za mafoni ayi.

Ndinafotokoza bwinobwino. Ndinati ndalama zilipo, vuto ndi batire. Mayiwo anamvetsera mpaka kumapeto, manja ali m'chiuno.

"Bwana, nyimbo imeneyo pano imaimbidwa tsiku lililonse."

Ndinatulutsa chiphaso changa cha unzika kuti chitsale. Anatsegula dirowa n'kuunikamo ndi tochi. Munali ziphaso zodzaza, zina zomanga ndi mphira, mawotchi, makiyi, ngakhale magalasi a maso. Anati eni ake onsewo anapita kukatenga ndalama. Ndinapereka foni, anati foni yozima saidziwa ngati ndi foni kapena sopo. Kenako tochi ija inayenda pang'onopang'ono mpaka inakaima pa amalume, amene nthawiyo anali kalikiliki kuyamwa fupa la mang'ina.

"Madalawa ndi anu?"

"Ndi ankhoswe anga."

"Ndiye atsale. Ankhoswe simungawathawe."

Ndinkayembekezera kuti amalume akwiya. Anatulutsa fupa m'kamwa, n'kunena modekha: "Pitani akamwini. Ine pano sipakundiwawa."

Wa kabaza ya njinga yamoto anandiona kuti ndili pa changu, ndiye mtengo unakwera ndisanakhale n'komwe. Ma K5,000 awiri aja anapita. Tinadutsa pafupi ndi Bingu Stadium mumdima, ine nditagwira malaya ake, chipewa choteteza mutu chili kwa iye yekha. Kwathu nakonso kunali kwakuda bii, za kutchaja kunalibe. Koma ndinkadziwa kuti mu sutikesi ya pansi pa bedi, mkati mwa chitenje chopinda, muli ndalama za banki m'khonde zimene mayi akunyumba amasunga, poti ndiwo msungichuma wa gulu lawo. Ndinasolola K60,000 yomanga ndi kamphira kofiira, ndikudziuza kuti m'mawa zibwerera mwakachetechete.

Nditabwerera ku Bwandilo ndi pamene ndinazindikira kuti dzina la bala lija sindinaliwerenge. Tinalowa potsatira poto wa mang'ina, ndipo tsopano mumdima uja khomo lililonse linali ndi poto, babu limodzi ndi jenereta yotsokomola. Ndinayamba kulowa limodzi ndi limodzi.

"Pepani, simunaoneko madala ena ovala jekete ya bulauni, ndinawasiya pano?"

Mlonda wina anandiyankha kuti madala pano ndi ambiri, anga ali ndi chizindikiro chanji. Pena mtsikana anati eya alipo, dikirani, n'kubwera akukoka bambo wina amene sindinamuonepo chibadwire, miyendo ikukana. Bamboyo anandikumbatira, fungo la kachasu lili thoo, akulira kuti ankadziwa kuti mwana wake sangamutaye, ndipo ngongole yake ndi K12,000 yokha. Kuti ndichoke m'manja mwake panafunika anthu awiri.

Amene anandipulumutsa ndi mawu. Ndikudutsa pakhomo lina ndinamva munthu akulalikira za mpira, ndipo mawu amenewo ndimawadziwa bwino chifukwa andiweruzapo kambiri. Ndinasuzumira. Matebulo atatu anali atalumikizidwa. Kumutu kwake kunali amalume, jekete atavula, atazunguliridwa ndi anyamata a malaya a Silver, ndipo amawaphunzitsa kuti mpira unali kale, masiku a Bata Bullets ndi Kinnah Phiri, pamene Malawi inatenga chikho cha East and Central Africa mu 1978 n'kuchitenganso mu 1979. Anyamatawo amatsutsa, koma motsitsa mawu, chifukwa pakamwa panali podzaza. Patebulo panali mafupa a mbuzi, mabotolo osawerengeka, ndipo patsogolo pa amalume penipeni panali minga ya chambo, yoyera, mutu wokha utatsala.

"Eyaa! Ndi amenewa akamwini anga ndimanena aja, a manijala!"

Ine ndimagulitsa zitsulo za galimoto mu kashopu ka eni ake ku Malangalanga. Koma anthu anaimirira, anawomba m'manja, wina anandipatsa mpando, wina anandigwira chanza ndi manja awiri n'kunena kuti anthu a mtima wotere atsala ochepa.

Kapepala katsopano kanali ndi masamba awiri. K118,500.

Ndinawakokera pambali amalume. "Nanga izi?"

"Anawa anandipeza ndili ndekha, anandipatsa moni mwaulemu. Ndikanawayang'ana bwanji ndikudya?" Anatokosa m'mano. "Komanso akamwini, mbuzi ya pinyolo saimangirira pouma. Amaipatsa msipu."

Ndinayamba kuwerenga m'mutu. K60,000 kuchotsa ya kabaza yobwerera. Ndinayang'ana mayi a pa kauntala, iwo anayang'ana dirowa yawo. Ndimaganiza zoti ulendo uno nditsale ndine, amalume apite, pamene pakhomo panaima munthu wovala chitenje cha chinkhoswe, duku lake likugunda pafupifupi pa felemu.

Kafoni ka mabatani kaja batire yake imatha sabata. Amalume anali atayimbira mdzukulu wawo kalekale, kumuuza kuti asadandaule, ali bwino, angosungidwa pang'ono pa ngongole.

Mayi akunyumba sanakweze mawu. Anapereka moni kwa amalume atapinda maondo, anapereka moni kwa mayi a pa kauntala, anapereka moni ngakhale kwa a Silver. Kenako anafika pa ine.

"Abambo, vuto n'chiyani?"

"Foni yazima. Ndalama zili momwemo."

"Bweretsani."

Anavula ndolo ya kukhutu, anabaya kabowo ka m'mbali mwa foni yanga, anasolola simu khadi, anaiika m'foni yawo n'kundipatsa. "Ikani nambala yanu." Uthenga unalira pa kauntala ndisanapume kawiri. Bala lonse linakhala chete, kupatula jenereta ndi mnyamata wina wa Silver amene anayesetsa kubisa chiseko m'botolo mpaka anatsamwa. Mayi a pa kauntala anati iwo njira imeneyo amaidziwa, koma palibe anawafunsa.

Potulutsa mpango kuti ndipukute thukuta, kamtolo ka ndalama kanagwa pansi. Kamphira kofiira kanaonekera bwino pa kuwala kwa babu limodzi lija. Mayi akunyumba anakatola, anawerenga pamaso pa anthu onse, anakaika m'chikwama chawo. Mu takisi yobwerera munayankhula amalume okha, za chambo.

Mlandu unazengedwa m'mawa mwake titachoka kutchalitchi, pakhonde, ndipo woweruza anali yemwe uja anadya umboni. Anamvetsera mbali zonse maso atatseka. Pa nkhani yosiya munthu wamkulu pinyolo, anati wodandaula akanakhala iwo, ndipo iwo sakudandaula. Pa nkhani ya ndalama za banki m'khonde, anati imeneyo inali ngongole, ndipo ngongole ya gulu imabwezedwa ndi chiwongoladzanja, ngakhale itagona kunja maola awiri okha. Mayi akunyumba anatulutsa kope la gulu n'kulemba dzina langa pansi pa amayi khumi ndi asanu.

Ndalama za fodya zinalowa Lachiwiri. Amalume anagula malata, fetereza ndi matayala a njinga, tinawaperekeza kudepoti. Basi itayamba kuguguza anatulutsa dzanja pawindo n'kundifumbatitsa kanthu. Nditafumbatula ndinapeza K500.

"Yotchajira foni, akamwini. Chaka chamawa ndibwera ndi a nyakwawa, nawonso akufuna akaoneko."