Za Leland Stanford zandiwawa mumtima

Ndangomaliza kumvera pulogalamu yokamba za moyo wa Leland Stanford ndipo mtima sukukhazikika, abale anga. Ambirife dzinali timalidziwira pa yunivesite ya Stanford ku California, imene iye ndi mkazi wake Jane anamanga pokumbukira mwana wawo mmodzi yekhayo, amene anamwalira ndi typhoid mu 1884 ali ndi zaka 15. Chisoni cha makolowo ndikuchimva, sindikuchipeputsa ayi.

Koma tamvani izi. Mu 1862, polowa pa mpando wa bwanamkubwa wa California, bamboyu anayankhula poyera kuti anthu a ku China ndi mtundu wotsika, asamaloledwe kubwera mwaunyinji. Patangopita zaka zochepa, kampani ya njanji ya Central Pacific imene ankaitsogolera inalemba ntchito Atchaina zikwizikwi. Ndi iwowa anaboola mapiri a Sierra Nevada, kuswa thanthwe ndi wonga m'chisanu choluma, ena kukwiririka ndi chipale chofewa. Malipiro awo anali ochepa poyerekeza ndi a azungu, chakudya n'kumadzigulira okha. Atanyanyala ntchito mu 1867, mabwana anangowatsekera njira yobweretsera chakudya mpaka njala inawabweza.

Pa 10 May 1869 ku Promontory Summit, ku Utah, amene anagwira nyundo pa mwambo wokhoma msomali wagolide, wosonyeza kutha kwa ntchito yomanga njanji yoyamba yolumikiza kum'mawa ndi kumadzulo kwa America, anali Stanford yemweyo. Mu 1885 anakhalanso senata, woimira California m'nyumba ya malamulo ya America. Chikundipweteka n'chakuti anthu amene anawanyoza ndi omwe anamulemeretsa ndi thukuta lawo, ndipo ambiri a iwo mayina awo sakudziwika mpaka lero.