Makutu a Botomani

Popeza kanema uja wa anganga atandigwira khutu pachinkhoswe wafika mpaka pagulu la WhatsApp la kutchalitchi, ndipo ena mwayamba kundiimbira foni n'kumangolira ngati mbuzi osanena kanthu, bola ndifotokoze ndekha. Sindinagwade. Anganga aja ndi afupi, ndiye munthu atakugwira khutu umatsika kulondola khutu lako. Komanso amene anajambula uja anayambira pakati, ndipo ndikumudziwa.

Khungu langa loyerali mukulidziwa. Kupulayimale ku Ndirande ankanditchula kuti Bambo Mfumu. Ndiye Loweruka lija, ndisanafike n'komwe pachinkhoswe cha Yohane, funso linali litandipeza kale katatu. Kondakitala pa Luchenza anati, "Bwana mkaladi, khalani kutsogolo." Mayi wogulitsa nanazi atangondiona, mtengo unakula ndili pomwepo. Wakabaza ndiye anadikira tifike pokwera, iye akupuma wefuwefu, n'kutembenuka: "Koma achimwene, bambo anu ndi a kuesiteti eti?" Wa kuno aliyense akudziwa kuti safunsa za ntchito. Tiyi anayamba kulimidwa ku Mulanje kuno m'ma 1890, ndipo kuchokera pamenepo munthu ukangoyera pang'ono, anthu amakufunira agogo m'nyumba ya manejala.

Yankho loona lilipo, kungoti ndi lalitali. Mayi anga ndi Atumbuka a ku Rumphi. Bambo ndi Asena a ku Nsanje. Kumbuyo kwa bambowo kuli munthu wina wa sitolo ku Chiromo amene kwathu satchulidwa dzina: ena amati anali Mmwenye, ena amati Mpwitikizi, azakhali anga amati panalibe munthu, ndi mmene Mulungu anafunira. Kuno mwana ndi wa kwa mayi ake, ndiye ndine Mtumbuka. Ku Rumphi mwana ndi wa kwa bambo ake, ndiye ndine Msena. Ku Nsanje amandiyang'ana n'kundipatsa moni m'Chingerezi. Kufotokoza zonsezi kumatenga mphindi 10, ndipo ukamaliza wofunsa uja amagwedeza mutu mwachifundo n'kunena kuti, "Ooh. Ndiye ndinu mtundu wanji?"

Pachinkhoswepo, nthawi ya perekaniperekani, MC anakuwa pa maiki kuti, "Tsopano tilandire mlendo wathu wochokera kunja!" Ine n'kucheuka kufuna kumuona mlendoyo. Anthu onse maso pa ine. Ndinapita ndi ma K200 anga osinthitsa pa golosale, amayi akuyang'anitsitsa m'lichero kuti aone dola. Ndinabwerera pabenchi ndili wotopa kale mumtima.

Kenako chakudya chinabwera. Nsima yoyera ya ufa wosinja, nkhuku ya lokolo, ntchafu yeniyeni itagona pambali panga. Azakhali a mkazi wa Yohane anagwada ndi beseni n'kuyamba kundithira madzi m'manja. Ali pakati pothira anaimitsa jagi.

"Pepanitu bambo, musandione ngati wamwano. Kodi inuyo ndinu mtundu wanji?"

Taganizirani. Manja anyowa theka. Nsima ikuzizira. Mkulu wina amene ndinakhala naye mbale imodzi wayamba kale kuiyang'ana ntchafu ija ngati anaiweta yekha. Mbali iyi mphindi 10 za Rumphi, Nsanje ndi sitolo ya ku Chiromo, mbali inayo liwu limodzi. Ndani wa inu akanasankha mphindi 10?

"Mlhomwe," ndinatero.

Sindinalankhule mopusa ayi, ndinawerengera. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Alhomwe ndi achiwiri kuchuluka m'dziko muno pambuyo pa Achewa, pafupifupi anthu 19 pa 100 aliwonse. Ndinkati m'chigulu chotere munthu mmodzi wowonjezera ndani angamuone? Chimene ndinaiwala n'choti ndinali kamtunda kochepa kuchokera pa Chonde, pamene Mulhako wa Alhomwe umasonkhana Okutobala aliyense kuyambira 2008. Kunama Chilhomwe pamenepo kuli ngati kukagulitsa nthochi za pulasitiki ku Thyolo.

Azakhali aja anaika jagi pansi. Sanamalize n'kundisambitsa komwe. "Eee! Ndi wathu uyu! Taitanani anganga!"

Anganga anabwera pang'onopang'ono, ndodo patsogolo, tchire la zidzukulu pambuyo. Ine Chilhomwe chimene ndimadziwa ndi mawu awiri. Limodzi ndinaphunzira kwa amayi othyola tiyi amene ndimakumana nawo m'mawa popita kuntchito. Ndinaimirira, ndinawomba m'manja monyowa momwemo, n'kunena mokweza kuti onse amve:

"Mosheliwa!"

Bata. Ngakhale DJ anatsitsa nyimbo. Amayi aja ndimakumana nawo 6 koloko m'mawa, ndipo palibe anandiuzapo kuti moni umenewu ndi wa m'mawa, wofunsa ngati munthu wadzuka bwino. Nthawi inali itadutsa 3 koloko masana, dzuwa likuwotcha mpaka phiri likuoneka ngati likuvina.

Anganga anandiyang'ana kuyambira kunsapato. Kenako m'Chichewa chomveka bwino anati, "Mwadzuka mochedwatu, mwanangu."

Anthu anaseka, ine n'kuseka nawo, ndikuganiza kuti zatha. Sizinathe. Anafuna kudziwa kuti Mlhomwe wake uti: Mmihavani, Mmanyawa, Mtakhwani kapena Mkokhola? Ine sindinkadziwa kuti bodzali lili ndi nthambi. Ndinasankha loyamba chifukwa linali loyamba. Kwathu kwenikweni? Apa ndinaganiza zotchula kutali, kumene palibe angakafufuze. "Cha ku Muloza uko, kufupi ndi malire."

Abale anga, anganga aja ndi a ku Muloza. Kuno anangobwera kudzakhala ndi mwana wawo.

Nkhope yawo inasintha. Anasiya Chichewa n'kutsegula mpopi wa Chilhomwe, ndipo unali mpopi wopanda chotsekera. Akakweza mawu kumapeto ndinkadziwa kuti ndi funso, ndiye ndinkagwedeza mutu kuvomera. Akatsitsa mawu ndinkati "mmm" mwachisoni. Pena analoza kummawa ndi ndodo, ine n'kuyang'ana kummawako ngati ndikukumbukira ubwana wanga. Atafunsa funso lina kachiwiri, mwamphamvu, ndinaona kuti mutu wokha sukwanira, ndiye ndinatulutsa liwu langa lachiwiri, lija amayankha anthu pa Chonde akakuwa kuti Alhomwe, Alhomwe.

"Noophiya!"

Ndiko kuti tafika. Pambuyo pake ndinamva kuti funso linali lakuti: kodi wabwera kudzakonza mlandu wa agogo ako?

Apa ndi pamene kanema wanu akuyambira. Anganga anapatsira mdzukulu ndodo, n'kundigwira khutu la kumanzere. Osati kulikoka ngati mphunzitsi, ayi. Analigwira mwaulemu ngati mmene munthu amasankhira bowa pamsika. Analipinda. Analitembenuzira kudzuwa n'kuyang'ana mmene kuwala kukudutsira. Anayendetsa chala m'mphepete mwake monse, pang'onopang'ono, ngati akuwerenga. Anatumiza mwana kukatenga magalasi m'chikwama chawo, ndipo nthawi yonse imene mwanayo ankafunafuna magalasiwo, khutu sanalisiye. Tinangoima choncho, ine nditawerama, iwo atagwira, anthu oposa 200 ali chete, tambala wina akulira kuseri kwa tenti. Ndinkaona ndi diso limodzi mkulu uja akumaliza ntchafu yanga, akuswa fupa, akuyamwa mafuta a mkati. Magalasi atafika anavala, anayang'ananso, n'kusinthira ku khutu la kumanja kuti atsimikize. Anaitana mng'ono wawo, nayenso gogo, kuti adzagwireko. Magogo awiri, khutu limodzilimodzi, akukambirana pamwamba pa mutu wanga.

Chigamulo chinatuluka m'liwu limodzi limene ngakhale ine ndinalimva: "Botomani."

Atsibweni a mkwatibwi ndi amene anamasulira. Botomani anali munthu woyera wa ku Muloza, wa makutu ngati anga. M'chaka cha chilala cha 1992, chija anthu ankadya nsima ya chimanga chachikasu, anabwereka mbuzi yaikazi kwa malemu amuna a anganga kuti aiwete, ikaswa agawane. Chaka chomwecho nkhondo ya ku Mozambique inatha, anthu othawa kwawo anayamba kubwerera, ndipo m'mawa wina Botomani anawoloka nawo kupita ku Milange. Mbuzi nayo inawoloka. Ndipo ine, pamaso pa mboni, ndinali nditavomera kuti ndine mdzukulu wake, kuti anamwalira akudandaula, kuti nkhani ya mbuziyi timaidziwa bwino kwathu, komanso kuti tafika.

Atsibweni aja ndi mphunzitsi wopuma, ndiye anatulutsa foni. Anati tisakokomeze, tingoti mbuzi imodzi ana 2 pa chaka. Koma anawo nawonso amaswa. Anadinadina kuyambira 1992, chaka ndi chaka, anthu akuwerengera nawo mokweza ngati pa perekaniperekani. Atadutsa 2010 mbuzi zinali zitaposa anthu a boma la Mulanje. Atafika chaka chino foni inalemba nambala yokhala ndi chilembo pakati, ndipo anati imeneyo ndiye kuti makinawo atopa.

Ndinaulula. Ndinanena zonse, Rumphi, Nsanje, Ndirande, ngakhale munthu wa sitolo ku Chiromo amene kwathu sititchula. Mphindi 10 zomwe ndinkathawa zija ndinazilankhula, mwina 15, njala ili m'mimba. Anganga anamvetsera mpaka kumapeto n'kunena kuti, "Botomani nayenso ankalankhula chonchi." Ndinatulutsa chiphaso cha unzika kuti aone dzina. Anati dzina munthu amasintha akawoloka mtsinje, koma khutu sasintha.

Ndiye ndinachita cholakwa chachikulu kuposa zonse. Ndinaimbira mayi anga n'kuika foni pa sipika. Ndinafotokoza mwachidule, ndikuyembekezera kuti ayankhe m'Chitumbuka chija cholemera kuti aliyense amve yekha. Mayi anaseka mpaka kutsokomola. Atapuma anati, m'Chichewa, pamaso pa mudzi wonse: "Za makutuzo nanenso ndakhala ndikudabwa."

Inu amene mukuseka kwambirinu, tiyeni tikambe chilungamo. Yohane, Mlhomwe weniweni wa mayi ndi bambo, anaima pambali panga nthawi yonseyo, ndipo sanandipulumutse chifukwa naye sankamva kanthu. Theka la anyamata a pamenepo ankadikira atsibweni amasulire. Sindikuwanena, mbiri yake ikudziwika: makolo awo atabwera kuchokera ku Mozambique kuthawa nkhanza za Apwitikizi n'kudzalowa thangata m'maesiteti muno, ankanyozedwa ndi dzina lija la Anguru, mpaka m'ma 1940 pamene Lewis Bandawe ndi anzake anakakamiza boma la atsamunda kuti lisiye kuligwiritsa ntchito. Ambiri anabisa chilankhulo, ana n'kukulira Chichewa. Ndiye ngati mayeso ndi Chilhomwe, tinalephera tonse. Kusiyana kwake n'koti ine ndinayesako. Mawu awiri, koma ndinayesako.

Ankhoswe ndi amene anaweruza. Anachotsera za matenda, za afisi, za Khirisimasi zonse, za maliro ndi za sadaka, komanso zoti mbuzi ikawoloka malire imalowa m'malamulo a dziko lina. Inatsala mbuzi imodzi. Ndinapereka K20,000 ngati chikole, ija ndinasungira mayunitsi a magetsi.

Atangolandira, anganga anasanduka munthu wina. Anandikhazika pamphasa pafupi nawo, n'kulamula kuti mdzukulu wa Botomani sangachoke ndi njala. Nkhuku inali itatha, ndiye anabweretsa kalongonda. Anandifotokozera okha kuti anaphikidwa kuyambira dzulo lake n'kumatayidwa madzi, chifukwa wosapsa bwino amazunguza mutu. Ndinadya mbale ziwiri, ndi wokoma, ndipo amene mukufalitsa kuti ndinadzandira pochoka dziwani kuti sanali kalongondayo. Munthu ukawerama nthawi yaitali khosi litapindikira mbali imodzi, umayenda mokhota.

Lachitatu ananditumizira makaka m'kathumba kudzera mwa mkazi wa Yohane, ndi uthenga woti Okutobala ndikakhale nawo pa Chonde, akandionetse kwa abale ena a ku Muloza. Akuti kuli banja lina limene Botomani anabwerekako njinga.

Amene akudziwa kumene mbuzi ikutchipa, kaya ndi pa Luchenza kaya ku Limbuli, andiuze mwezi usanathe. Yaikazi. Akuti ikhale ya mawanga.