Mmene ndimadzukira ku tulo tonamizira

Kunamizira kugona n'kosavuta. Pomwe ambiri amagwidwira ndi podzuka, kaya ndi m'zisudzo, pamaso pa kamera kapena m'nyumba momwe. Amatsegula maso onse kamodzi, kuyasamula mokokomeza manja ali m'mwamba, kenako n'kuyankha bwinobwino ngati wakhala ali maso tsiku lonse. Wochokera ku tulo tenitweni satero.

Ine ndimayamba ndi mpweya, maso ali chitsinzinire. Pogonapo ndimakhala ndikupuma pang'onopang'ono, mofanana, mimba ikukwera ndi kutsika. Nthawi yodzuka ikakwana ndimasokoneza kapumidweko: ndimakoka mpweya umodzi wautali m'mphuno, kuugwira kanthawi, n'kuutulutsa. Malovu ndimamezera pomwepa. Munthu ali m'tulo sameza pafupipafupi, ndiye mukafulumira kumeza, pakhosi pamasuntha ndipo wokuyang'anitsitsani amadziwiratu. Pirirani nawo malovuwo mpaka nthawi yodzukayi.

Kenako thupi, kuyambira ndi tizigawo tating'ono: chala, phazi m'kati mwa chofunda, mutu kutembenuka pang'ono pa pilo. Wina akamandiitana, koyamba ndimangokhala chete. Kachiwiri ndimakwinya nkhope n'kutulutsa ka "mmm" ka m'mphuno. Akandigwedeza paphewa m'pamene ndimasuntha kwenikweni. Apa pamafunika kusamala kwambiri, chifukwa dzanja silinamizika ngati diso. Phewa likalimba podikira kukhudzidwa, wogwedezayo amamva nthawi yomweyo. Ndimalisiya lolefuka, lizingotsatira dzanja lake, nsagwada nazo zili zomasuka.

Maso ndi omalizira. Ndimawatsegula pang'ono chabe, kuwala n'kundithobwa, ndiye ndimatsinzinanso masekondi awiri kapena atatu. Kachiwiri ndimaphethira mwaulesi, zikope zikulemera. Sindiyang'ana munthuyo mwachindunji, ngakhale ndikudziwa bwino pomwe waima. Ndimayamba ndayang'ana kudenga kapena kukhoma, kenako m'pamene maso amamupeza. Kutikita m'maso kamodzi n'kokwanira. Kuyasamula ndimakusiya, pokhapokha kukabwera kokha, chifukwa kopangira kumathera mkamwa, pomwe kwenikweni kumakoka nkhope yonse mpaka misozi kulengeza.

Mawu oyamba akhale otsika, osasa, aafupi. Kukhosi kwa munthu wogona kumakhala kouma, choncho sindikonza kukhosi ndisanalankhule, ndimalola liwu loyamba lituluke lophwanyika. "Nthawi ili bwanji?" ndi funso labwino, poti wodzukadi sadziwa kuti wagona nthawi yaitali bwanji. Ndipo ubongo sudzukira limodzi ndi maso. Chizimbwizimbwi cha tulo chimatenga mphindi 15 mpaka 30 kuti chithe, ndiye kwa kanthawi ndimachedwa kuyankha, kudzuka kwake mogwiriza chigongono, n'kukhala kaye m'mphepete mwa bedi mutu uli pansi.

Kanthu kena komwe ambiri amaiwala ndi nkhope. Ndikakhala ndi mpata ndimagonera tsaya limodzi kwa mphindi zingapo pa nsalu yokwinyika kuti mizere idinde pakhungu, ndipo tsitsi la mbali imeneyo ndimalisiya chiphwatalale.

Chovuta kuposa zonse chimabwera pambuyo. Zonse zomwe zinayankhulidwa muli "m'tulo" simunazimve. Akatchula mlendo amene anabwera n'kupita, musagwedeze mutu ngati mukudziwa kale. Funsani kuti anali ndani, ndipo mudikire akuuzeni dzina lake musanalitchule.